Wangi Kolia: Malasha a ku Hwange ndi Anthu Amene Anawakumba

Hwange ndi tawuni ya kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Zimbabwe, m'chigawo cha Matabeleland North, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku mathithi a Victoria Falls. Ndi dera lotsika, lotentha koopsa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo pansi pa nthaka yake pali malasha amene akhala akukumbidwa kwa zaka zoposa 120. Dzinali linachokera kwa Whange, mfumu ya Anambya, eni nthaka a kumeneko. Azungu analipotoza n'kumati Wankie, ndipo linakhala choncho mpaka mu 1982. Nawonso anthu akuda ogwira ntchito pamgodipo anapotoza dzina la kampani ya Wankie Colliery n'kumati Wangi Kolia, ndipo katswiri wa mbiri yakale Ian Phimister anatenga mawu omwewa kukhala mutu wa buku lake la mu 1994 lofotokoza za mgodiwu.

Malasha si makala. Makala amawotchedwa kuchokera ku mitengo ya lero, pomwe malasha ndi mwala wakuda umene unapangika kuchokera ku zomera zimene zinakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Anthu a m'derali ankadziwa kale za miyala yakuda yoyaka moto, ndipo mbiri yakeyo ndi imene inakopa Mjeremani wina, Albert Giese, amene anadzakhoma zikhomo pamalopo chapakati pa zaka za m'ma 1890. Komabe malasha ndi katundu wolemera, wopanda phindu ngati palibe chonyamulira. Mgodi unayamba kuyenda bwino njanji yochokera ku Bulawayo itafika mu 1903. Kuchokera apo malasha a ku Wankie anayendetsa sitima zapamtunda, anayatsa magetsi m'mizinda, ndipo atawotchedwa n'kusanduka coke ankasungunulira kopa ku Katanga ndi ku Copperbelt, kenako chitsulo ku Redcliff. Chuma chonse cha atsamunda m'chigawo chino chinkafuna malasha otsika mtengo, ndipo njira yachidule yotsitsira mtengowo inali kupanikiza munthu wogwira fosholo.

Anthu ochokera kumpoto

Anthu a m'midzi yoyandikana ndi mgodi sankaifuna ntchitoyi. Amene anali ndi munda ndi ziweto ankagulitsa chimanga, nkhuku kapena mowa kwa ogwira ntchito n'kupeza ndalama ya msonkho osalowa pansi. Choncho kampani inadalira anthu akutali, ochokera ku Northern Rhodesia, Nyasaland, Mozambique, Angola ndi Tanganyika. Chimene chinkawachotsa kwawo ndi msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linkaufuna m'ndalama m'madera amene ndalama inali yosowa. Anyamata a ku Nyasaland ankanyamuka m'magulu, wapansi, kwa milungu ingapo, kudutsa Tete kapena Feira n'kuwoloka Zambezi. Ambiri mtima unali ku Joni kumene malipiro anali abwinoko, ndipo migodi ya ku Southern Rhodesia inali ngati popumira, pogwira ntchito miyezi ingapo kuti apeze kamba wa ulendo.

Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lolemba anthu ntchito n'kuwagawira ku migodi ndi m'mafamu amene palibe akanapitako mwakufuna kwake. Ogwira ntchito analitcha chibaro, kutanthauza ntchito yokakamiza, yaukapolo. Munthu wa chibaro sankasankha kopita, ankalandira ndalama yochepa kuposa mnzake wobwera yekha, ndipo mgwirizano wake unali wautali. M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula anthu mwaulere, amene anatchuka ndi dzina loti Ulere, ndipo nkhondo yachiwiri itatha kunabwera bungwe limene akuluakulu a ku Malawi amalikumbukirabe kuti Mthandizi. Maina anali okoma, koma cholinga chinali chimodzi, kuti manja asasowe pamgodi ndi pafamu. Lamulo la Masters and Servants la mu 1901 linkati kuthawa ntchito ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo chitupa chimene munthu wakuda aliyense ankayenda nacho chinkaonetsa bwana wake ndi ndalama imene ankalandira.

Pansi pa nthaka

Malasha a ku Hwange sali pakuya ngati golide wa ku Joni. M'migodi yake yambiri anthu ankalowera pa njira yotsetsereka. Msempha wa malasha ndi wochindikala, ndipo ankaukumba posema misewu yopingasana n'kumasiya zipilala za malasha omwewo kuti zigwire denga. M'zaka zoyambirira pafupifupi zonse zinkachitika ndi manja. Ena ankaboola mwala, mzungu wokhala ndi chiphaso n'kuika zophulitsira, ndipo utsi usanathe bwinobwino gulu la afosholo linkalowa kukadzaza tingolo tachitsulo toyenda pa tinjanji, ena n'kumatikankha mpaka pa chingwe chokokera kunja. Kapitawo ankawerenga tingolo. Mumdimamo Mlozi, Mtonga, Mchewa, Mnyakyusa ndi mzungu ankamvana m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza chimene mawu ake ambiri anali olamula.

Malipiro ankayendera tikiti. Tsiku lililonse munthu akamaliza ntchito imene anapatsidwa, tikiti yake inkalembedwa, ndipo ankalandira ndalama akakwanitsa masiku 30. Zikamveka choncho zimakhala ngati mwezi umodzi, koma Lamlungu silinkawerengedwa, tsiku lodwala silinkawerengedwa, ndipo bwana akaona kuti tingolo sitinakwane ankakana kulemba, munthu n'kukhala kuti wakhetsa thukuta tsiku lonse pachabe. Motero mgwirizano wa matikiti 12 unkatha kupitirira chaka ndi miyezi.

Zoopsa zinali zamitundumitundu. Denga linkagwa, tingolo tinkaduka pa chingwe n'kupsinja anthu, ndipo fumbi la malasha linkalowa m'mapapo pang'onopang'ono mpaka munthu kuyamba befu ndi chifuwa chosatha. Wodwala chotere nthawi zambiri ankangobwezedwa kwawo, kukafera kumudzi, imfa yake osalembedwa m'mabuku a kampani. Koma m'zaka zoyambirirazo amene ankafera pansi anali ochepa poyerekeza ndi amene ankafera kukomboni.

Komboni inali mizere ya zipinda momwe amuna ankagona mothithikana, moyang'aniridwa ndi bwana wa komboni ndi apolisi ake onyamula zikoti. Phoso linali ufa, nyemba, mchere ndi kanyama kochepa. Munthu wogwira fosholo maola ambiri akamadya nsima yokhayokha, popanda ndiwo zamasamba kapena zipatso, amagwidwa ndi scurvy, matenda obwera chifukwa chosowa vitamini C: nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, miyendo imalemera, ndipo kabala kakang'ono sikapola. Wofooka chotere chibayo chikamupeza sichinkachedwa kumumaliza. Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anaonetsa kuti zikwi zambiri za anthu akuda zinafa m'makomboni a migodi ya Southern Rhodesia pakati pa 1900 ndi 1933, ambiri chifukwa cha matenda ochokera ku zakudya zoperewera ndi malo ogona oipa. Madokotala a nthawiyo ankadziwa chochita. Vuto linali loti nyama ndi ndiwo zamasamba zinkadya phindu la kampani.

Mikangano ya pantchito

Kawirikawiri anthu amaganiza kuti ogwira ntchito a nthawi imeneyo anali mbuli zongolandira chilichonse. Mbiri sikuvomereza zimenezo. Asanakhale ndi mabungwe, anali ndi njira zawo. Obwerera kwawo ankauza amene akupita kuti mgodi wakuti ndi wankhanza, wakuti phoso lake ndi labwinoko, ndipo migodi inkapatsidwa maina a m'zilankhulo zawo ochenjeza amene akubwera m'mbuyo. Ena ankasintha zitupa, ena kugwira ntchito mwaulesi wadala, ambiri kungothawa usiku.

Mu Disembala 1912 ogwira ntchito ku Wankie ananyanyala ntchito poyera, ndipo iyi ndi imodzi mwa sitiraka zoyambirira zodziwika za anthu akuda m'dzikolo. Chinali chaka cha chilala, matenda a scurvy anali atafala, ndipo madandaulo awo anali pa chakudya ndi nkhanza za oyang'anira komboni. Mu 1918 mliri wa chimfine unapululanso anthu m'makomboni. M'zaka za m'ma 1920 chiphunzitso cha Watch Tower, chimene chinafalitsidwa kwambiri ndi anthu ochokera ku Nyasaland, chinapeza otsatira ambiri ku Wankie, ndipo akuluakulu a boma anachita nacho mantha poti chinkalalikira kuti ulamuliro wa nthawiyo uli pafupi kutha. Anthu a ku Nyasaland, ambiri mwa iwo ataphunzira m'sukulu za mishoni, ankapezeka kutsogolo pa nkhani zoterezi. Sitiraka ya pa mgodi wa golide wa Shamva mu 1927 inatsogoleredwa ndi iwo, ndipo Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919, anali atagwirapo ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia asanapitirire kummwera.

Malamulo sanawapatse pokambira. Lamulo la Industrial Conciliation la mu 1934, limene linakonza njira yokambirana pakati pa mabwana ndi mabungwe a ogwira ntchito, silinkawerengera munthu wakuda ngati wogwira ntchito, ndipo izi zinadzasintha mu 1959. Pakatipa kampani inasintha manja. Mu 1950 inayamba kuyendetsedwa ndi Powell Duffryn ya ku Britain, ndipo patangopita zaka zochepa inatengedwa ndi Anglo American. Inali nthawi imene Copperbelt inkalira malasha usana ndi usiku. Mu Febuluwale 1954 anthu zikwizikwi pamgodi wonse anaika zida pansi pofuna malipiro abwino. Nduna yaikulu ya Southern Rhodesia inali Garfield Todd, m'mishonale wakale amene azungu anzake ankamuona ngati wokondera anthu akuda. Ameneyo ndiye anatumiza asilikali ku Wankie, ndipo m'masiku ochepa anthu anabwerera pansi. Zinaonetsa poyera kuti pa nkhani ya malasha, boma ndi kampani anali kumodzi.

Pansi pa Anglo American zinthu zina zinasinthadi. Kunabwera makina, nyumba za mabanja zinachuluka, chipatala, sukulu ndi mabwalo a masewero zinakula. Makomboni amene anthu ankangowatchula ndi manambala ali ndi maina monga Lwendulu, Madumabisa, Makwika ndi Lusumbami. Amuna ambiri anakwatira komweko kapena kuitanitsa akazi awo, n'kukhala machona, osabwereranso kumudzi. Loweruka ndi Lamlungu mtundu uliwonse unkavina gule wake, ndipo Achewa anapita ndi gule wamkulu, amene ku Zimbabwe amamutchula kuti zvigure kapena nyau. Magulu othandizana pa maliro, amene anayamba chifukwa choopa kuikidwa ngati galu kudziko la eni, anakhala ngati mudzi wachiwiri. Koma chilichonse m'tawuniyo chinali cha kampani: nyumba, madzi, magetsi, chipatala, msewu. Wochotsedwa ntchito ankataya zonsezi tsiku limodzi, pamodzi ndi mkazi ndi ana.

Kamandama

Lachiwiri pa 6 Juni 1972, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa, mgodi wa Nambala 2 unaphulika. Chiphaliwali cha moto, utsi ndi zitsulo chinatulukira pa khomo la Kamandama, ndipo makina opopera mpweya pansi anawonongeka.

Kuti zimveke bwino, m'malasha mumakhala mpweya wa methane, wosaoneka ndi wosanunkha. Ukachuluka n'kufika pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 aliwonse a mpweya wa mumgodi, kamoto kakang'ono kokha kamauphulitsa. Kuphulika kumeneko pakokha kumatha kuthera pamalo amodzi. Choopsa ndi fumbi la malasha limene limakhala litaunjikana pansi, m'makoma ndi kudenga: mphepo ya kuphulika koyamba imalimwaza m'mwamba, moto n'kuligwira, nalonso n'kumwaza fumbi la kutsogolo, motero moto umathamanga m'misewu yonse ya mgodi m'kanthawi kochepa. Wopulumuka motowo amaphedwa ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide umene umatsalira. Mankhwala ake anali odziwika kale ku Ulaya zaka zambiri izi zisanachitike: kuwaza fumbi la mwala wa laimu m'misewu kuti fumbi la malasha lisagwire moto. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi woweruza milandu Sir Vincent Quenet inapeza kuti fumbi la malasha ndi limene linafalitsa kuphulikako, ndipo njira zolitetezera zinali zoperewera.

Magulu opulumutsa anthu, ena ochokera ku South Africa, anayesa kulowa atavala zopumira, koma tsiku lotsatira kunaphulikanso kawiri ndipo mpweya woipa unadzaza misewu. Kunja akazi ndi ana anali atakhamukira pakhomo la mgodi, kudikira usana ndi usiku. Pa 9 Juni mkulu wa mgodiwo, Gordon Livingstone-Blevins, analengeza kuti palibenso chiyembekezo, ndipo mitembo 424 inasiyidwa momwemo, khomo n'kutsekedwa ndi konkire. Onse amene anafa anakwana 427. Pa mndandanda umene unatulutsidwa nthawiyo panali anthu 176 a mu Rhodesia momwemo, 91 a ku Zambia, 52 a ku Mozambique, 37 a ku Malawi, 30 a ku Tanzania, ndi ena a ku Britain, South Africa, Namibia ndi Botswana. Azungu anali 36. Mwambo wa maliro unachitikira pa bwalo la mpira pa 11 Juni.

Kwa anthu a chikhalidwe chimene maliro amafuna kuona nkhope, kusambitsa thupi, kuika m'manda ndi kudzameta, imfa yopanda mtembo ndi chilonda chosapola. Kumidzi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kunangofika uthenga, mwina ndi kasutikesi ka zovala. Amayi amasiye a kukomboni anakumana ndi vuto linanso, poti nyumba imene ankakhala inali ya wogwira ntchito, ndipo wogwira ntchitoyo anali atatsala pansi.

Ufulu utabwera

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, sitiraka zinabuka m'dziko lonse, ndipo Wankie sinatsalire. Boma latsopano linakweza malipiro otsikitsitsa, koma nalonso linauza anthu kuti abwerere kuntchito, poti dziko linkafuna malasha. M'zaka zotsatira kampani inatembenukira kwambiri ku migodi yapamtunda, yofukula dothi ndi chimakina chachikulu m'malo motumiza anthu pansi. Pafupi pomwepo panamangidwa malo opangira magetsi a Hwange Power Station, amene pofika 1987 ankatha kupanga mamegawati 920, ndipo mu 2023 anawonjezerapo makina awiri a mamegawati 600 onse pamodzi, omangidwa ndi kampani ya ku China ya Sinohydro. Anglo American inachoka, boma n'kukhala mwini wa gawo lalikulu la kampaniyo, imene tsopano imatchedwa Hwange Colliery Company.

Chuma cha Zimbabwe chitayamba kugwa cha m'ma 2000, kampani inagwa nacho. Makina anakalamba osasinthidwa, fakitale ya chitsulo ya ku Redcliff inaima mu 2008, njanji inafooka, ngongole zinakula, ndipo makampani ena anapatsidwa malo okumba malasha m'dera lomwelo. Ogwira ntchito anayamba kutha miyezi osalandira, kenako zaka akungolandira zidutswa za malipiro. Kunyanyala kunali kovuta. Wonyanyala ankaopa kuchotsedwa ntchito n'kutulutsidwa m'nyumba, ndipo mantha anakula mu Julaye 2015 pamene khoti lalikulu la Supreme linagamula, pa mlandu wa kampani ya Zuva Petroleum, kuti bwana atha kuchotsa munthu ntchito pongomupatsa chidziwitso cha miyezi itatu. Anthu zikwizikwi m'dzikolo anataya ntchito m'milungu yochepa.

Apa m'pamene amayi analowererapo. Mkazi wa wogwira ntchito sangachotsedwe ntchito imene sanalembedwe, komanso ndi iye amene amaona mphika ukakhala wopanda kanthu ndi ana akabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mu Okutobala 2013 amayi a m'makomboni anaguba kulowera ku maofesi a kampani, apolisi n'kuwabalalitsa ndi zibonga, ena mpaka kugonekedwa m'chipatala. Kumapeto kwa Januwale 2018 anabweranso, ulendo uno osaguba koma kukhala pansi pakhomo pa maofesiwo. Anamanga tenti, kuphika pomwepo, kugona pomwepo mosinthana, mvula ikugwa, kwa miyezi yoposa itatu. Pakati pawo panali akazi a ogwira ntchito, akazi a opuma ntchito amene sanalandire ndalama zawo, ndi amayi amasiye. Kampani inalonjeza kulipira pang'onopang'ono, koma mavuto ake anali aakulu kuposa lonjezolo, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho boma linaiika m'manja mwa woyang'anira wapadera kuti ayese kuidzutsa.

Palinso ngongole ina imene siili m'mabuku a malipiro. M'migodi yakale ndi m'milu ya zinyalala za malasha muli moto umene wakhala ukunyeka pansi kwa zaka zambiri. Pamwamba pamaoneka ngati dothi wamba, koma mwana wothamangitsa mbuzi kapena wodutsa njira yachidule amatha kutitimira m'phulusa lotentha. Bungwe la Centre for Natural Resource Governance linatulutsa lipoti mu 2021 lofotokoza za ana amene anapsa motere, ena n'kulumala, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho mtsikana wina wamng'ono anamwalira ndi mabala a moto umenewu. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Deka, umene umathira mu Zambezi, akhala akudandaula kuti madzi ochokera m'migodi amapha nsomba ndi kudwalitsa ziweto.

Zidzukulu za machona zinakumana ndi vuto lawolawo. Ku Zimbabwe anthu ochokera ku Malawi ankatchedwa Manyasarandi kapena Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ndipo mawuwa sankanenedwa mwaulemu nthawi zonse. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunachititsa kuti ambiri obadwira m'dzikomo, amene sanapondeko ku Malawi, Zambia kapena Mozambique, ayambe kuwerengedwa ngati alendo n'kulandidwa mwayi wovota. Munthu wotere akapuma ntchito analibe mudzi wobwererako, poti mudzi wake unali komboni. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la m'bungwe la SADC, ndipo anaika Chichewa, Chinambya ndi Chitonga pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ngakhale kuti kupeza zitupa zatsopano kwakhala kovuta kwa amene makolo awo anamwalira opanda mapepala.

Malasha akukumbidwabe ku Hwange, tsopano ndi makampani angapo, ena mwa iwo a ku China, ndipo madandaulo a malipiro, fumbi ndi chitetezo pantchito akumvekabe. Chaka chilichonse pa 6 Juni akuluakulu a kampani, a boma, a mabungwe a ogwira ntchito ndi amayi amasiye amene adakali moyo amasonkhana pa chipilala cha chikumbutso ku Kamandama, pamene pali maina a anthu amene anafa. Khomo la mgodi wa Nambala 2 silinatsegulidwenso, ndipo anthu 424 aja adakali momwemo.